Telala Wodula Mawu a Chingerezi

Malume anga ndi telala, ndipo sukulu sanapite nayo patali. Koma wailesi ya m'shopu mwawo ikatchula liwu lalitali la Chingerezi, amaimitsa makina n'kutchera khutu.

Tsiku lina ndinawadandaulira kuti liwu loti "responsibility" likundikanika kutchula. Anati ndililembe pansalu ndi choko. Akulitchula pang'onopang'ono, analigawa ndi mizere, zidutswa zisanu ndi chimodzi.

"Tsopano lamba timange pati, mphwanga?" anafunsa. "Mawu awowa ali ngati thalauza, amathina pamalo amodzi basi."

Tinayesa kutchula mwamphamvu chidutswa chilichonse mpaka anagogoda ndi sizasi pa "bi". Linamveka ndendende ngati la pawailesi.

"Nanga tanthauzo lake mukulidziwa, malume?"

"Yanga ntchito n'kudula," anatero akupondanso makina. "Kuvala n'kwako."