Chaka Chimene Amayi Analeka Kuthira Mchere

Kachitini ka mchere kankakhala pakhoma la kukhitchini, pamalo pamene panaguluka njerwa. Kanali kofiira, ka tiyi wa ku Joni, ndipo anabwera nako ndi atate chaka chimene anayamba ntchito m'mafamu a kumeneko. Amayi akamatsegula, chivindikiro chake chinkalira mwachidule. Ndikamatsegula ine chinkakoka kulira, poti zala zanga zinali zofooka. Phokoso limenelo ndinkalisiyanitsa ngakhale ndili kuseri kwa nkhokwe.

Ndinabadwa choncho. Mvula ndinkainunkhiza isanatsike m'mapiri a kwathu ku Biriwiri. Amalume ndinkawadziwa akadali patali chifukwa nsapato yawo yakumanzere inkakhula pansi. Tsiku la msika ku Lizulu, anzanga akusangalala, ine mutu unkandiwawa ndi mahutala a malole ndi fungo la kabichi woola, mpaka ndinkabisa nkhope m'chitenje cha amayi. Amalume ankandiseka kuti ndili ndi mphuno ya galu ndi mtima wa nkhuku. Sankanama. Lero ndine mayi wamkulu, komabe munthu akangosintha mawu pang'ono, ndimachita mantha.

Kwathu mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo. Amaitana mwana. Choncho mwezi ndi mwezi panali masiku angapo amene amayi ankati, "Iwe, dzandithirire." Sindinkadziwa chifukwa chake, ndinkangodziwa kuti masikuwo amabwera ndi kupita. Koma nyengo yozizira ya chaka chimenecho, tikukumba kachewere kudimba, masikuwo anabwera osapitanso. Mwezi unaoneka, unafa, unaonekanso, wotsegula chitini ndinali ine ndekha.

Ndinayamba kuona zina. Zikhatho za amayi zinayera ngati za munthu amene wachapa tsiku lonse. Pokwera chitunda chochokera kudimba ankaima pafupipafupi, ati akonze nkhata, koma ine ndinkamva mpweya wawo ukuliza kamluzu. Tinsanza tina ankatichapa paokha n'kutiyanika m'nyumba, pamtanda wa denga, osati panja. Ankathyola dothi la chiswe pakhoma la nkhokwe n'kumatafuna mobisa. Mimba yawo inatukuka pang'ono m'munsi, ndipo chitenje anayamba kuchimanga m'mwamba. Koposa zonse linali fungo. Ankasamba kawiri pa tsiku, madzi ozizira ngati amenewo, koma ndikakhala pafupi nawo ndinkalimvabe, ndipo chakudya chinkandikana.

Tsiku lina anandipeza ndikuwayang'anitsitsa. Anandigwira dzanja mwamphamvu. "Maso akowo. Za m'nyumba muno zisatuluke, wamva?"

Ndinamva. Chimene sindinkadziwa n'chakuti pali chifukwa chachiwiri chimene mkazi amaopera mchere. Akagona ndi mwamuna wina, amati akathira mchere adula ana ake, adwala mdulo. Tsono taganizani: atate anali atatha chaka ndi kanthu asanabwere, mkazi wawo sakuthira mchere, akudya dothi, mimba ikukula. Amayi akanati aulule kuti akutaya magazi, anthu akanati wachotsa pathupi. Kulikonse kunali moto. Lero ndimawakwiyira kuti anaika mbiri yawo patsogolo pa moyo wawo, koma kenaka ndimakumbukira pakamwa pa azimayi a pamjigo pathu, mkwiyowo n'kuchepa.

Amalume, mlongo wawo wa amayi, ndiwo anali nkhoswe ya ukwatiwo. Anayamba kubwera pafupipafupi, nthawi zonse ndiwo zili pamoto. Ankakhala pakhonde n'kumasewera ndi foni yawo, imene atate ankaimbirapo, koma maso ali kukhitchini. Lamlungu lina ndikutuluka ndi chitini m'manja anandifunsa akumwetulira, "Dzulo unathira ndiwe, lero ndiwenso? Wasanduka mwini khitchini?" Kumwetulirako kunathera pamilomo, m'maso munalibe. Ndinangomva chipande cha amayi chitaleka kugunda mumphika.

Madzulo ake amalume ananditumiza kukatsekera nkhuku dzuwa likadalipo. Khola linali kuseri kwa nyumba, ndipo makutu anga sankafuna chilolezo.

"Mlongo wanga, mlamu akaimba ndimuuze chiyani? Anthu ayamba kuloza."

"Palibe choti muwauze, achimwene."

"Ndiye Loweruka ndiitana nkhoswe ya kuchimuna. Mukafotokoze nokha."

Amayi sanalire. Ndinangomva akukhala pansi pang'onopang'ono, atagwira chitseko.

Sabata imeneyo kusukulu sindinkamva kanthu. Aphunzitsi athu anali mayi wamtali wosakonda kukalipa, ndipo anali atazolowera kundisiya m'kalasi nthawi yopuma chifukwa phokoso la pabwalo linkandiliza. Lachinayi kunali chifunga ndi kamvula kowaza. Anandipeza nditakhala pakona, mbatata yanga yootcha ili chigwirire.

"Bwanji sukudya, mwanawe?"

Ndinayesetsa kusunga lamulo la amayi. Koma mwana akanyamula katundu womulemera, munthu akangomufunsa mokoma, amatula. Ndinanena za mchere, za dothi, za mimba. Ndinaona nkhope ya aphunzitsi ikutsekeka monga inachitira ya amalume, ndipo ndinachita mantha kuti nawonso aganiza choipa chimene sindinkachidziwa dzina.

"Amasanza m'mawa?"

"Ayi. Koma amanunkha ngati tsiku lopha mbuzi. Masiku onse."

Aphunzitsi anaika choko patebulo. Anandifunsa za tinsanza tija, ndi mtundu wa zikhatho. Kenaka anati ndidye mbatata yanga.

Masana omwewo anatulukira kwathu atanyamula dengu, ngati odzagula kabichi. Amayi atawaona anandiyang'ana kamodzi kokha, ndipo ndinalakalaka nthaka itandimeza. Analowa awiri m'nyumba. Ine ndinakhala pamtondo n'kumamvetsera: mawu a aphunzitsi otsika, osalekeza, a amayi kulibe. Patapita nthawi ndinamva kulira kumene ndinali ndisanakumvepo, kwa munthu wotopa osati wopwetekedwa.

Kenaka aphunzitsi anandituma kukaitana amalume. Atafika, aphunzitsi anawatsogolera kwa amayi n'kukoka chikope chawo cham'munsi ndi chala. M'kati mwake munali mbuu.

"Bambo, nkhoswe zidikire. Pezani njinga yamoto lero lomwe, mlongo wanuyu magazi amuthera."

Amalume anavula chipewa, anachivalanso, n'kuthamanga. Nsapato ija sinakhule pansi tsiku limenelo.

Amayi anakomoka asanafike pamsewu wa tala, ndipo amalume anawamangirira kumsana kwawo ndi chitenje mpaka kuchipatala cha kuboma. Ine ndinakakhala kwa akazi a amalume, amene anali oyembekezera. Kumeneko zitseko zinkalira mwachilendo, ndipo njinga yamoto iliyonse yodutsa inkandiimitsa mtima, poti ndinkadziwa kuti uthenga wa maliro umabwera ndi munthu woyendetsa pang'onopang'ono. Amalume anabwera patapita masiku, ali ndi kathonje pamkono pamene anawachotsa magazi opatsa mlongo wawo. Anandinyamula, ngakhale ndinali nditakula kale. "Chinali chotupa. Madokotala achichotsa. Amako ali moyo." Za Loweruka lija sanazitchulenso, ndipo mayi wina atayerekeza kunong'ona pamjigo, amalume anamupitira kunyumba kwake masanasana.

Amayi anabwerako kunja kutayamba kufunda, mitengo ya mapichesi itachita maluwa. Ankayenda chowerama, atagwira pamimba. Ndinawakumbatira mosamala, n'kukoka mpweya, ndipo ndinangomva sopo wa kuchipatala. Ndinasangalala mpaka ndinalira. Za kuulula kwanga sanandikalipire, anangondisisita m'mutu nthawi yaitali.

Atapezako mphamvu, m'mawa wina anatsegula sutikesi ya pansi pa bedi. Anatulutsa tizovala tanga ta ukhanda: tizipewa toluka, timasokosi, ndi shawelo yoyera imene atate anagula ku Joni. Zonse anazichapa, anaziyanika panja poyera, n'kuyamba kuzipinda pamphasa. Anati ndikapereke kwa akazi a amalume.

"Zonse, amayi? Nanga mng'ono wanga akadzabadwa adzavala chiyani?"

Ndinaona chala chawo chikuzungulira pa kabatani ka juzi, kuzungulira, kuzungulira, ndipo dzanja linalo linatsikira pamimba, pamene panali bala. Zonsezo ndinaziona, palibe chimene chinandiphonya, kupatula chimodzi: chotupa chija chinachoka pamodzi ndi chiberekero. Ndinadzuka msangamsanga, n'kuthamangira m'nyumba kukawatengera mapilisi awo opha ululu ndi kapu ya madzi.