Mutu, m'mimba, kenako bondo

Chizindikiro choyamba ndinachiona mu Febuluwale, tikupalira mpunga kudambo kwathu ku Ngokwe. Ndinapatuka kuseri kwa chulu, ndipo madontho omaliza a mkodzo anali ofiira. Ndinakwirirapo dothi n'kubwerera kukagwira khasu.

Ndimayankhula zilankhulo ziwiri ndi kachidutswa. Chiyao ndi cha pakhomo, Chichewa ndinachiwongolera kusukulu, Chingerezi ndinachisiyira mu Sitandade 8. Koma monsemo ndinaphunziramo mawu aulemu okhaokha. Kwathu mnyamata satchula za kumunsi kwa mchombo pamaso pa munthu wamkulu, makamaka mayi.

Ululu pokodza utakula, ndinapita kuchipatala chaching'ono cha kwathu. Tinakhala pabenchi kuyambira m'mawa, mzere ukusuntha pang'onopang'ono. Nditalowa ndinapeza anamwino a msinkhu wa amayi anga.

"Muli bwanji, achimwene?"

"Ndili bwino, kaya inu amayi?"

"Ngati muli bwino mwadzatani?"

Ndinafufuza chiwalo chimene ndingatchule popanda kuwalakwira, ndipo ndinapeza mutu. Anandipatsa panado. Ndinathokoza ndi manja awiri.

Mu Epulo ndinabwereranso nditalimba mtima. Ndinatsikako pang'ono, ndinati m'mimba. Anandipatsa mankhwala a njoka za m'mimba. Ulendo wachitatu ndinatsimikiza kuti lero ndinena, koma pakamwa panga panalumpha malowo n'kukatera pa bondo. Anamwino anapinda mwendo wanga, nauwongola, nandiyang'ana nthawi yaitali. Bondolo linalibe mlandu.

Pofika nthawi yomweta mpunga ndinali nditawonda, m'chinena mukupweteka, magazi akutuluka nthawi iliyonse ndikapatuka. Ndikanyamula thumba ndinkaona mdima.

Ndiye kunabwera amjomba, alongo awo a amayi, amene amagulitsa nyama ya mbuzi ku Nkaya. Iwo amatchula chiwalo chilichonse cha mbuzi mokuwa tsiku lonse, ndipo saona kusiyana kwenikweni pakati pa mbuzi ndi mphwawo. Anandifunsa maso ndi maso, akutchula vutolo ndi dzina lake, ine n'kungogwedeza mutu kuvomera. Mawa lake ananditengera kuchipatala chachikulu ku Balaka.

Pamzere bambo wina anafunsa mwaulemu kuti mnyamatayu chavuta n'chiyani. Amjomba anafotokoza zonse m'Chichewa cha pamsika. Poona kuti agogo ena sanamve, anabwereza m'Chiyao, mokweza. Mayi wina wa Chilomwe atasendera pafupi, anayesanso chakwawoko, ndipo pamene mawu anawathera anamalizira ndi manja. Ine ndinkayang'ana zala za kumapazi. Koma anyamata awiri amene anakhala chete kumapeto kwa benchi anayamba kusendera, mmodzi n'kunong'ona kuti, "Aise, nanenso n'zomwezo. Ndimati ndinene msana."

M'chipinda amjomba anatsegula pakamwa, adokotala n'kukweza dzanja. "Odwala ndi inu, bambo? Iyayi? Ndiye anene yekha."

Ndinayang'ana khoma, ndinapepesa kawiri, kenako ndinati, "Ndikukodza magazi."

Adokotala sanadzidzimuke, sanadzutse n'komwe mutu. Mawu amene ndinawasenza kuyambira nthawi yopalira mpaka yokolola anawalemba ngati akulemba dzina la mudzi. Anandipatsa kabotolo koti ndikodzeremo, ndipo atayeza anati ndi likodzo, lochokera m'madzi a kudambo. Anati ndikanapitiriza kubisa likanawononga chikhodzodzo ndi impso. Anandiyeza sikelo, nandiuza kuti ndiyambe ndadya ndisanamwe mapiritsi. Anali aakulu, owawa, ndipo tsiku limenelo ndinachita chizungulire ndi mseru. Patapita masabata ochepa magazi analeka. Nditapita kukayezetsanso anati ndachira.

Panopa ndili bwino, ndipo ulendo uno ndikunena zoona. Thupi labwerera, thumba ndikunyamula. Ndinapitanso kwa anamwino a kwathu aja kukawafotokozera, popeza ndinawavutitsa katatu. Anati, "Ndinadziwa kuti si bondo. Ndimadikira kuti mufika liti."

Anzanga amene muli ndi manyazi ngati ine, ulemu wa pakhomo ndi wabwino, koma m'chipinda cha adokotala muli chiyankhulo china, chotchula chinthu ndi dzina lake. Mukaona magazi pitani msanga, ndipo mukanene malo enieniwo ulendo woyamba. Mukazengereza adzakunenerani amjomba anu, m'zilankhulo zitatu, ndi manja omwe.