Dzina Limene Ndinapatsa Tiwonge

Ndikukumbukira fungo la polishi wofiira m'nyumba ya boma imene tinkakhala ku Mzimba, ndili Sitandade 6. Amayi anali namwino, anachita kutumizidwa kuchokera kwathu ku Dedza, ndipo simenti ya pabalaza ankaisamala kuposa ife ana awo. Bambo atagula wailesi yakanema ndi dishi yogwirapo kale ntchito, amayi anaika lamulo: wolowa kudzaonera akhale mwana wa m'nyumba za boma, wokhala ndi nsapato zoti avule pakhomo. Ana a kumudzi, ankatero, mapazi awo ndi fumbi lokhalokha.

Lachisanu lililonse dzuwa likapendeka kunkaonetsedwa sewero la anthu oyenda ndi chombo pakati pa nyenyezi. Maina awo ankatipinda lilime, choncho tinawapatsa athu. Mayi woyendetsa chombocho tinkangoti Kaputeni. Loboti imene inkamuthandiza tinaitcha Ndowa, chifukwa mutu wake unali ndowa yeniyeni yovundikira.

Mnzanga wapamtima anali Tiwonge, wa m'mudzi wa kuseri kwa sukulu. Nsapato analibe, ndiye lamulo lija linamugwira. Ankabwera mozemba kuseri kwa nyumba n'kuima pa njerwa ziwiri zosanjikiza, ine n'kupinda katani wa pazenera pang'ono. Galasi linkakhala lotseka, poti mphepo ya Juni ku Mzimba imaluma, motero ankaona zithunzi zokha popanda mawu. Kusukulu tinkati amaonera kwa amalume ake. Iye ankaopa kusekedwa kuposa chikwapu, ndipo ndinamulumbirira kuti sindidzaulula.

Kukoma kwa sewerolo kunali Lolemba, pa nthawi yopuma, titakhala pansi pa mtengo wa bulugama tikukukuta chimanga chokazinga. Apo ndi pamene tinkaliweruza. Chikondi, mwana wa wapolisi, ankadandaula kuti mfuti zawo zimangowala osalira. Wina ankafunsa kumene anthu amenewa amachapira, poti chovala ndi chomwecho sabata ndi sabata. Tinkadabwanso kuti zilombo za kumwezi zinaphunzira kuti Chingerezi, pamene ife aphunzitsi akutikwapulira tsiku ndi tsiku koma osachigwira. Mikangano ikakula onse ankayang'ana ine, mwini wake wa kanema, ndipo mawu anga ankakhala omaliza. Zoona zake, Chingerezi cha m'sewerolo ndinkangotolamo mawu awiri atatu, zotsalazo ndinkadzaza ndekha. Koma ufumuwo unkandikomera.

Ndiye kunabwera gawo lina limene linatipsetsa mtima tonse. Ndowa anatsekera Kaputeni m'kachipinda, n'kukhotetsa chombo, gawo n'kuthera pomwepo. Lolemba lake tinagwirizana kuti olemba sewero aononga zinthu, Ndowa wasanduka mpandu popanda chifukwa. Chikondi anati akanakhala iye akanamuphwanya n'kukhoma mbaula. Ine ndinawonjezera kuti ndinamva ndi makutu anga Ndowa akunena kuti akufuna ukaputeni. Linali bodza.

Nthawi yonseyi Tiwonge ankangopukuta manja pa diresi. Kenako anati, m'Chichewa chake chosakaniza ndi Chitumbuka, "Yayi, Ndowa sanalakwe. Uja si Kaputeni. Kaputeni amagwira kapu ndi dzanja lamanja masiku onse, mbwenu uyu wagwira ndi lamanzere. Ndipo sanaphethire ngakhale kamodzi, ndinayang'ana chomene."

Ndinaona mitu ikutembenukira kwa iye. Chikondi anayamba kugwedeza mutu pang'onopang'ono, n'kunena kuti mwina ndi zoona, nayenso maso aja anamudabwitsa. Kanema wathu, magetsi athu, katani wopinda ine, ndiye wanzeru akhale iye?

"Iwe ukudziwa chiyani?" ndinatero mokweza. "Kwa amalume ako kulibe kanema. Umaonera pazenera kwathu utaima pa njerwa, mawu sumva n'komwe."

Anaseka mpaka ena kugwa chagada. Ku Mzimba dzina la mkazi amaliyamba ndi Nya, ndipo ine, mlendo amene Chitumbuka chinkandivuta, tsiku limenelo ndinachidziwa bwino: ndinamuloza n'kumutcha NyaZenera. Dzinalo linayenda sukulu yonse belu lisanalire. Tiwonge sanalire, sananditukwane. Anatola kathumba kake ka mabuku n'kukalowa m'kalasi yekha.

Lachisanu lotsatira ndinapinda katani monga mwa masiku onse. Sewero litayamba, Ndowa anatsegula bokosi la pansi pa chombo, n'kupezamo Kaputeni weniweni atamangidwa. Wa m'kachipinda uja anasungunuka ngati phula la kandulo. Anzanga anaomba m'manja pabalaza pathu powala, ine ndinacheukira pazenera. Panalibe munthu. Nditatuluka ndinapeza njerwa zija zili pamalo pake, nyerere zikuyendapo.

Lolemba lake Chikondi ankauza aliyense kuti iye anadziwa kale. Palibe anatchula Tiwonge, ndipo ine, amene mawu anga anali omaliza, ndinangokukuta chimanga changa. Chimenechi chimandiwawa kuposa dzina lija. Tinakhala m'kalasi imodzi zaka zina ziwiri osalankhulana, mpaka amayi anasamutsidwira kwina.

Masiku ano ana anga amaonera masewero otere pafoni, aliyense pakona pake, timawaya tili m'makutu. Palibe woima panja, komanso palibe wokangana ndi mnzake pansi pa mtengo. Ndikawauza kuti kale munthu ankatha kulamulira anzake chifukwa cha kanema mmodzi, amandiyang'ana ngati ndikupeka.

Chaka chatha ntchito inanditengera ku Mzimba, ndipo ndinafunsa za Tiwonge. Mayi wina wogulitsa tomato sanamudziwe, mpaka mnzake anamukumbutsa kuti ndikunena NyaZenera, telala wa kuseri kwa msika. Zaka zonsezi dzinalo likadali moyo. Ndinamupeza akusoka yunifolomu m'kashopu kake, chitseko chili chotsegula, koma sindinalowe. Ndinaima pazenera, n'kudzitchula dzina, n'kumuuza zimene ndinayenera kunena pansi pa bulugama paja: kuti uja sanalidi Kaputeni, kuti iye ndiye ananena zoona.

Sanaimitse makina. Anamaliza msoko wake, n'kudula ulusi ndi mano, kenako anandiyang'ana.

"Ndinkadziwa," anatero. "Lowani mkati, mama. Kuno sitiimika anthu pazenera."