Mphuno ya a Jaleha

Kwathu kuno pachilumba cha Buru munthu sangabise ntchito yake. Ukakwera naye galimoto ya ku Namlea umadziwiratu kuti uyu wachokera ku nsomba, uyu ku kokonati, uyu ku masamba. Ife a ku masamba timanunkhira kayuputi, mafuta otchezedwa kuchokera ku masamba a mitengo ya m'mapiri mwathu, mpaka m'mafupa, ngakhale titasamba ndi sopo wa mtundu wanji. Alamu anga a Jaleha, achemwali awo a amuna anga, akhala akununkhira choncho zaka zoposa makumi anayi.

Anayamba kupulula masamba ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Ntchito yake ndi yomweyo chaka ndi chaka. Umakwera phiri dzuwa lisanalimbe, dzanja limodzi n'kugwira nthambi, lina n'kukoka masamba kugwetsera m'dengu, mpaka msana utakana. Zala timazikulunga nsanza, koma nsanzayo imatha tsiku lisanathe. Manja a a Jaleha anauma ngati khungwa la mtengo, moti amatola khala la moto ndi zala n'kupita nalo kwa anansi osathamanga n'komwe.

Anakwatiwa ndi a Dulah, otcheza mafuta. Kumeneko ndiko anaphunzira kutsendera masamba mumgolo wa matabwa, kuthira madzi m'chiwaya cha pansi pake, kumata m'mphepete ndi dothi, ndi kusonkha moto tsiku lathunthu mpaka mafuta atayamba kudontha pa paipi n'kumayandama pamwamba pa madzi m'chigubu. Utsi unawadya a Dulah pachifuwa, ndipo anamwalira pamene mwana wawo mmodzi yekhayo, Nurbaya, anali kusukulu ya pulayimale. Amuna a m'mudzi anayembekeza kuti mgolo uja ugulitsidwa. A Jaleha anangomanga nsalu m'chiuno n'kukoleza moto.

Poyamba ankawaseka. Pasanathe zaka ziwiri omwe ankasekawo ndi amene ankabwera ndi mabotolo m'manja kudzafunsa, chifukwa mayiyu anali ndi mphuno. Ali panjira patali ankatha kufuulira wotcheza mnzawo kuti, “Hasim, madzi akuphwera m'chiwaya, upsereza masamba iwe!” ndipo zinali zoona. Ankanunkhiza botolo n'kutchula phiri lomwe masamba ake athyoledwa. Wogula wakuba akasakaniza mafuta ndi zinthu zina, ankamuyalutsa pamaso pa anthu. Chaka china kunabwera bambo wa boma wovala nsapato zoyera, akuti m'mafuta athu muli kanthu kotchedwa yukaliputolo, ndipo ndi kameneko kamatsegula mphuno ndi kuziziritsa khungu. Anatenga timabotolo tisanu ndi kamodzi kukayeza ku Ambon. Asananyamuke, a Jaleha anandandalika timabotoloto pa benchi, kuyambira kamphamvu mpaka kofooka. Kalata yake itabwera patatha masabata atatu, mndandanda unali womwewo.

“Makina akewo amadya chiyani?” anafunsa a Jaleha. “Ine mungondipatsa chinangwa ndi nsomba youma.”

Ndiye kunabwera mliri wa korona. Tinadwala ambiri, mphuno n'kufa, koma patatha masabata awiri kapena atatu zinkadzuka. Chaka chimenecho sitinapume, poti dziko lonse linkafuna mafuta athu, anthu akuti kununkhiza kayuputi kumadzutsa mphuno. Tinatcheza mpaka mapiri anayera.

Tsiku lina masana tili awiri pamgolo, ndinamva fungo la masamba opserera. Ndinawayang'ana a Jaleha, iwo ali phee, akuwaza nkhuni.

“Alamu, simukumva?”

Anaika nkhwangwa pansi. Tinathamanga kuphula moto, ndipo titamaliza anakhala pa chitsa n'kundiuza osandiyang'ana.

“Rugaya, miyezi inayi tsopano. Olo chimbudzi sindimachimva.”

“Ndiye osanena bwanji?”

“Ndinene kwa ndani? Kwa Hasim? Kuti aziti chiyani? Iwe, ukandichotsa mphuno chotsala n'chiyani? Nkhalamba yonyamula nkhuni basi.”

Anandilumbiritsa kuti ndisauze munthu, ine n'kulumbira. Kuchokera tsiku limenelo ine ndinakhala mphuno yawo. Munthu akabwera ndi botolo, iwo ankalinunkhiza mwaulemu wake, maso ali chitsinzinire, kenako n'kundipatsira ngati akundiphunzitsa. Mafuta akakhala abwino ndinkakanda khutu. Akakhala osakaniza ndinkatsokomola. Mphuno yanga ndi ya wamba, ndipo ndikudziwa kuti nthawi zina ndinkalakwitsa, koma ndani akanatsutsa a Jaleha? Tinachita zimenezi zaka zitatu. Ndinene zoona, ndinatopa nazo. Sindinkatha kupita ngakhale ku ukwati kwa abale anga osayamba ndaganiza kuti kodi wina akabwera ndi botolo ine kulibe, zitha bwanji. Masiku ena ndinkawada alamu angawo, madzulo ake n'kuwapititsira ndiwo.

Nurbaya anali atapita ku Bali, komwe amagwira ntchito yosisita alendo pa hotela. Ankatiuza pa foni kuti kumeneko amadontheza mafuta athu omwewa m'kambale ka madzi otentha, alendo n'kugona chafufumimba kumapuma nthunzi yake kuti mtima ukhale pansi.

“Mtima kukhala pansi?” anatero amayi ake. “Uwauze abwere adzapulule masamba sabata imodzi. Adzapuma mpaka kukhuta.”

Chaka chatha Nurbaya anabwera ndi mwana wake woyamba, Masita, wa miyezi inayi. Kuno mwana akasamba masana amapakidwa kayuputi wosakaniza ndi mafuta a kokonati pamimba, pamsana ndi kumapazi, kuti mphepo isamulowe. Ngati agogo ake akuchikazi alipo, ntchitoyo ndi yawo, ndipo palibe amawalanda. A Jaleha anali atasunga botolo la madontho oyamba a mgolo wawo, lodikira mdzukulu ameneyu. Masiku asanu ndi limodzi anamupaka, ndipo ndinawaona akuseka monga ndinali ndisanawaone chimwalirire a Dulah.

Tsopano, ife chilichonse timasunga m'mabotolo obiriwira omwewo, otseka ndi kachitsa kokulunga pulasitiki. Mafuta a kayuputi, parafini wa sitovu, madzi a mandimu, zonse. Palibe amalemba pabotolo. Wina atalemba tingamuseke kuti, kodi iwe mphuno ulibe? Kwa a Jaleha mafuta ankakhala pazenera, parafini pansi pa benchi, ndipo iwo ankadalira malo amenewo ngati wakhungu adalira ndodo. Ine ndinkadziwa zimenezi kuposa wina aliyense. Koma tsiku lachisanu ndi chiwiri, nditathira parafini m'sitovu yawo, nsomba zinayamba kupserera, ine n'kuika botolo pomwe dzanja linafika. Linafika pazenera.

Ndinali kuseri kwa nyumba ndikupala kokonati pamene mwana anayamba kulira kulira kwachilendo. Amati tsoka silinunkha, koma ili linandipeza ndisanafike n'komwe pakhomo. Nurbaya anatulukira akuthamanga kuchokera kuchitsime, tinalowa pamodzi. Nyumba yonse inali parafini yekhayekha. A Jaleha anali pamphasa, mwana ali pamiyendo, akumusisita pamimba modekha n'kumamutonthoza. Manja awo aja sakanawauza kanthu, sanamvepo kuzizira kwa mafuta chiyambire utsikana wawo.

“Amayi! Mukumupaka chiyani mwana?”

“Mafuta ake omwe aja. Wangodabwa ndi madzi, asiya.”

Nurbaya anawalanda mwanayo. Tinamusambitsa ndi sopo katatu, Hasim n'kuwanyamula pa njinga yamoto kupita kuchipatala. A Jaleha anatsala pamphasa pomwepo, botolo lili m'manja. Analifikitsa pamphuno, n'kulitsitsa, n'kulifikitsanso.

Mwana sanavulale kwambiri, tiyamike Mulungu. Khungu linafiira n'kutuluka tizilonda, koma anabwerera tsiku lomwelo ndi mankhwala opaka. Pofika nthawiyo bwalo linali litadzaza, ndipo manong'onong'o anali atayamba kale. Munthu wa mphuno ngati imeneyo angapake mwana parafini? Ndiye kuti mutu wayamba kuzungulira. Wina anatchula za kulodzedwa. Nurbaya, maso ali ofiira, anagwada patsogolo pa amayi ake n'kuwafunsa pang'onopang'ono, ngati akufunsa kamwana.

“Amayi, lero ndi lachingati? Ine ndine ndani?”

Zimenezo ndi zomwe zinawapweteka kuposa zonse. Anaimirira, nakonza mpango kumutu.

“Lero ndi Lachinayi, ndipo iwe ndiwe Nurbaya amene ndinakubala mvula ikugwa kumsasa wa kuphiri. Mutu wanga uli bwinobwino. Chinafa ndi mphuno. Inafa nthawi ya mliri, zaka zitatu zapitazo, ndipo sindimva kanthu. Mabotolo anu onse aja ankanunkhiza ndi Rugaya.”

Ine ndinalakalaka nthaka itang'ambika, koma ndinaona kuti ngati iwo avula, inenso ndivule. Ndinanena kuti botolo ndinaika pazenera ndine.

Woyamba kuyankhula anali Hasim. “Ndiye kuti mafuta anga a chaka chatha aja anawakana ndi Rugaya? Rugaya amene amapsereza mpunga?”

Ena anaseka pang'ono, a Jaleha sanaseke. Analowa m'nyumba, natenga ulusi wofiira, namanga pakhosi pa botolo la parafini.

Kuchokera pamenepo palibe amabwera ndi botolo. Anthu amawapatsabe moni mwaulemu, mwina ulemu wochuluka kuposa kale, ndipo iwo amadana nawo ulemu umenewo. Pamgolo amapitabe, poti munthu adye chiyani. Amaika khutu pa matabwa kumvera kuwira kwa madzi, ndipo mafuta akadontha amadzipaka dontho limodzi kukhosi, pomwe khungu lidakali lamoyo, n'kudikira kuti amve kuzizira. Ine ndinapuma ntchito yokanda khutu. Ndinkayesa kuti ndidzasangalala, koma ayi.

Sabata yonse yotsatira, nthawi yosambitsa mwana ikakwana, a Jaleha ankatuluka kukakhala pansi pa mtengo wa mango kumasenda chinangwa chomwe palibe anawatuma. Nurbaya ankamupaka yekha mwana m'nyumba. Sanakanganepo, komanso sanayankhulane za nkhaniyo, ndipo tsiku loti Nurbaya abwerere ku Bali linali kuyandikira.

Kutatsala tsiku limodzi, ndinali nawo pansi pa mango pomwepo pamene Nurbaya anatuluka, mwana ali m'nsalu, madzi akudontha. Anamuika pamiyendo pa amayi ake.

“Mwana ndi uyu, amayi. Botolo ndigwira ndine.”

A Jaleha anayang'ana botololo nthawi yaitali. Kenako anapukuta manja pa nsalu yawo n'kutambasula chikhatho. Nurbaya anatsegula, nanunkhiza, nawathirira madontho angapo pamwamba pa mafuta a kokonati. Iwo anamupaka pamimba pomwe tizilonda tinali titauma, pamsana, ndi kumapazi. Atamaliza anachita zomwe tonse timachita osaganiza, anaweramira mwanayo n'kuika mphuno pakhosi pake, nakoka mpweya kwambiri, kawiri, katatu.

Anadzutsa mutu n'kundiyang'ana.

“Rugaya, akununkhira bwanji?”

Ndinagwada, ndinanunkhiza. Sindinakande khutu.

“Ngati inu, alamu,” ndinatero.

Anagwedeza mutu, namufunditsa nsalu, n'kumubwezera kwa amayi ake.