Supuni imene tinaipeza mu injini ya apongozi

Loweruka lapitali ndinakankha galimoto kuchokera pa msika wa Nangongwe mpaka kunyumba, nditavala jekete ya kutchalitchi. Inu amene munandiona n'kuseka, ndakukhululukirani. Koma imvani kaye mmene zinayambira.

Apongozi anga aamuna, malemu a Hamoonga, anali fitala, wokonza makina, ku fakitale ya feteleza. Mzungu wina amene ankagwira naye ntchito, pobwerera kwawo, anawasiyira kagalimoto ka ku Britain: kobiriwira, ka mipando iwiri, denga lansalu, kafupi moti ukakhalamo umamva mwala uliwonse wa mumsewu. Apongozi anakayendetsa zaka zambirimbiri. Atamwalira kanabwera pakhomo panga, pansi pa mtengo wa mango, ndipo nkhuku zathu zinakalandira bwino.

Tsopano mwana wathu Luyando akukwatiwa, ndipo wanenetsa kuti akafika kutchalitchi pa galimoto ya agogo ake. Nkhondo inayambira pomwepo.

Mlamu wanga Choolwe, mlongo wa mkazi wanga, ndi makanika wa maminibasi. Anakazungulira kagalimotoko kamodzi kokha.

"Ba sisi, injini iyi inalema kudala," anauza mkazi wanga. "Tichose, tifakemo ya ku Japan. Mabuleki atsopano, na masipika awiri kumbuyo."

"Ugwireko nati imodzi uone," anayankha Mutinta, mkazi wangayo. "Motoka iyi izankala mwamene ba tata anaisiyira. Orijino."

Onse awiri anatembenukira kwa ine. "Bashi Luyando, kambani," anatero Mutinta.

Amuna anzanga, inu mukanatani? Mlamu ndiye amandikonzera galimoto yanga ikafa. Mkazi ndiye ndimagona naye nyumba imodzi. Ndinakhosomola, n'kunena kuti nkhani yotere imafuna katswiri.

Katswiriyo anabwera Loweruka m'mawa kuchokera ku Lusaka. Ndi a Nyirenda, bambo wa imvi amene amasunga magalimoto akale ngati mmene ena amasungira nkhunda. Anatsika ndi buku lalikulu la zithunzi komanso magolovesi oyera. Atangokaona kagalimotoko anavula chipewa.

"Mayi, musalole munthu aliyense kukasintha," anatero. "Kuika injini ya ku Japan muno n'chimodzimodzi kuwaveka agogo anu kabudula wa mpira. Adzathamanga mwina, koma ulemu watha."

Mutinta anamuyang'ana Choolwe, kenako anapita kukawatengera alendowo tiyi ndi zitumbuwa pa mbale yagalasi. Ine ndakhala m'banjali zaka makumi awiri ndi zisanu, zitumbuwa za pa mbale yagalasi ija sindinazilawepo.

A Nyirenda anayamba kunsi. Anagwada, n'kuyamikira mabuleki kuti ndi enieni a kufakitale, sanakhudzidwepo. Kenako anatsegula boneti.

Anayang'ana m'buku, anayang'ana mu injini, anayang'ananso m'buku.

Pampu ya petulo, anati, si ya galimoto iyi. Choolwe anasuzumira n'kunena kuti yoteroyo anaionapo pa injini za maboti ku Chanyanya. Paipi ya madzi inali ya kufakitale ya feteleza ija, penti yake ikuonekabe. Waya wochokera pa chopondera moto unali wa buleki ya njinga. Ndipo chogwira wayawo, chopindidwa bwinobwino n'kubooledwa mabowo awiri, chinali supuni.

"Supuni?" anafunsa Mutinta, tiyi ali m'manja.

Anawerama, napukuta girisi ndi nsonga ya chitenje. Pa chogwirira panaoneka timaluwa.

"Iyi ni supuni ya ba mama," anatero motsitsa mawu.

Ndiye anatifotokozera. Mayi ake anali ndi masupuni asanu ndi imodzi a mphatso ya ukwati, otulutsidwa pa Khirisimasi pokha. Iye ali giredi faifi, imodzi inasowa. Amene anatsuka mbale tsiku limenelo anali iyeyo. Anakalipiridwa, anafufuzitsidwa kudzala masiku awiri, ndipo mpaka imfa yawo mayi ake ankamutcha wotaya masupuni. Nthawi yonseyo bambo ake anali pakhonde, akumvera wailesi.

Mutinta anakhala pa mpando n'kuyamba kuseka. Anaseka mpaka misozi, kenako kuseka kunatha koma misozi inapitirirabe. Tonse tinayang'ana kumtengo wa mango.

A Nyirenda, pofuna kuthandiza, anati kachitsulo koyenera pamenepo kakhoza kuitanitsidwa kunja, supuniyo n'kuchotsedwa.

"Supuni sichoka," anatero Mutinta.

"Manje ba sisi," anayamba Choolwe, "si ndiye kuti wamene anayamba kusintha motoka ni ba tata?"

"Iwe nkala zii."

Tinagwirizana zokayesa kaye kagalimotoko. Choolwe anaika batire ndi petulo, anatulutsa mazira atatu pansi pa mpando, ndipo kachitatu kanalira. Iye anagwira chiwongolero, ine pambali, nditavala jekete kuti anthu aone. Pampu ya boti inagwira ntchito. Waya wa njinga unagwira ntchito. Supuni inagwira ntchito ngati inabadwira momwemo. Tikutsetsereka kumsika, Choolwe anaponda buleki, phazi lake n'kufika pansi popanda chotsutsa.

"Ba mulamu, gwililani," anatero mwaulemu.

Tinakaima m'matumba a makala. Palibe anavulala, kupatula jekete. Mayi wogulitsa makalawo anatiyang'ana tili bii, n'kufunsa ngati tikufuna thumba lalikulu kapena laling'ono.

Mwaona? Chinthu chokhacho chimene katswiri anachigwadira kuti n'cha ku Britain chenicheni ndicho chinatikana.

Sindikuwanyoza a Nyirenda. Ali ndi mfundo. Galimoto yakale ili ndi kalilidwe kake, kafungo kake, ngakhale kuvuta kwake, ndipo ukazichotsa zonsezo umatsala ndi chigoba chabe. Ndaonapo magalimoto okongola ataikidwa matayala ngati a thirakitala ndi magetsi abuluu kunsi, mpaka mtima kuwawa. Choolwe nayenso ali ndi mfundo: galimoto yosayenda ndi khola la nkhuku, ndipo mkwatibwi sangafike kutchalitchi pa mbiri yakale.

Chimene chikundivutitsa ine ndi liwu lakuti orijino. Timalikonda kwambiri kuno. Pa salaula, zovala za kaunjika zija, pa mafoni, pa nsapato, wogulitsa akangoti "ni orijino" timasiya kufunsa mafunso. Tanthauzo lake nthawi zonse ndi lakuti chinapangidwa kutali, ndipo dzanja la munthu wakuno silinachikhudze. Chimene wakonza mnzathu wa ku Nangongwe timachitcha chongolumikiza, timachibisa pansi pa boneti alendo akabwera.

Komatu kagalimoto kaja anzake ambiri anafera m'mabwalo, akudikira zitsulo zenizeni zochokera kutsidya kwa nyanja. Aka kanayenda chifukwa fitala wina, m'zaka zimene ngakhale sopo ankasowa m'masitolo, anayang'ana njinga, boti ndi kabati ya mkazi wake, n'kuona zida za galimoto.

Kwathu mlandu tinauweruza motere: mabuleki asinthidwa, ndipo pamenepo Mutinta sanatsutse atandiona mmene ndinabwerera. Injini ikhala. Zonse zimene anaika apongozi zikhala. Masipika akanidwa, ngakhale Choolwe akuti achita apilo kwa mkwatibwi.

A Nyirenda anachoka ali okhumudwa pang'ono. Anati pa chionetsero cha magalimoto akale, kathuka sikangapambane chifukwa si ka orijino. Koma asanakwere galimoto yawo anabwerera, anatsegulanso boneti, n'kujambula supuni ija katatu.

Ndiye ndikufunseni, inu odziwa za magalimoto. Wina anakapanga kagalimotoka m'masiku owerengeka, sanakaonenso. Wina anakasunga kamoyo zaka makumi atatu ndi manja ake, mpaka kuika mwana wake m'mavuto. Tikamati tikabwezere mmene mwini wake anakapangira, tikunena uti?