Kavalo wa Kenjebek Wodulidwa Mchira

Ku Tasbulak aliyense wofuna kuzinga chiweto ankatuma uthenga kwa Sapargali. Zaka makumi anayi anali pa ntchito yomweyo: nkhosa za paukwati, ng'ombe za pamaliro, akavalo a nyama yodya m'nyengo yachisanu. Anali bambo wamfupi wa zikhatho zikuluzikulu, ndipo ankanyadira zinthu ziwiri basi, mpeni wake ndi kamangidwe kake ka chingwe. Kwathu mfundo zomangira kavalo zilipo ziwiri. Ina ndi ya wapaulendo, imene ukangokoka nsonga imamasuka. Ina ndi yakufa, yomangira chiweto chimene sichibwereranso kukhola. Sapargali ankamanga yakufayo ngakhale atatsinzina, ndipo chiweto chomangidwa ndi iye chinali chisanapulumukepo.

Mnzake wa ponda apa nane m'pondepo anali Kenjebek. Awiriwa anabadwa chaka chimodzi, ndipo anthu obadwa chaka chimodzi kwathu amanyozana pagulu mpaka kumanda, wokwiya ndiye wagonja. Ponyozerana sipankasowa, pakuti Kenjebek anali ndi kavalo wampikisano amene sanapambanepo chibadwire.

Kavaloyo anali wamutu waukulu, wa miyendo yooneka ngati yobwereka. Mwini wake anamutcha Naizagai, ndiko kuti mphenzi. Anthu anamutcha Tsache, poti pampikisano uliwonse ndiye ankasesa m'mbuyo mwa anzake. Mipikisano yathu ndi yaitali, kuzungulira chitunda kasanu n'kawiri, ndipo akavalo ambiri amalekera panjira. Okwera amakhala ana, osati eni akavalo. Tsache sanalekerepo panjira. Zaka khumi ndi ziwiri ankafika anthu atayamba kale kudya, thovu lili mbuu, n'kudutsa pamzere womaliza mutu uli m'mwamba ngati pali womuyembekezera.

"Iwe Kenjebek, mphenzi yako ija yafika? Kuno ayamba kutsuka mbale," Sapargali ankatero.

"Ikubwera. Ndi yaulemu, sifuna kuthira akuluakulu fumbi."

"Udzabwere nayo kwathu. Mumphika mokha ndi mmene ingafike yoyamba."

"Udzafa ukunola mpeniwo, ndipo pamaliro ako ndidzabwera pa iyeyo."

Komatu womuyembekezera analipo, ndipo anali Sapargali yemweyo. Anthu akabalalika kupita kokadya, iye ankatsala pamzere, ati kuti akhale woyamba kumuseka Kenjebek. Kavalo uja akatulukira yekhayekha kuseri kwa chitunda, Sapargali ankamutsatira ndi maso mpaka pamzere. Munthu amene akangoona chiweto ankadziwa mafuta amene chili nawo, pa Tsache pokha maso ake ankakana kuona nyama. Ankamusirira, ndipo kusirirako kunkamukwiyitsa, moti pofuna kubisa zimenezo ankangowonjezera chipongwe.

Kenjebek anagwa m'khola tsiku lina m'mawa, ndowa ili m'manja, osadzukanso. Mwambo wake ndi wodziwika. Kavalo amene malemu ankamukonda amamudula mchira n'kumusiya chaka chathunthu osakweredwa ndi munthu, ndipo pa sadaka ya pachaka yokumbukira malemuyo amamuzinga kuti atsatire mbuye wake. A shehe athu amati zimenezi m'buku mulibe, koma nyamayo amadya. Wodula mchira anali Sapargali, poti ndiye mwini mpeni, ndipo aliyense anadziwa kuti wodzazinga adzakhalanso iyeyo.

Kutatsala masiku makumi anayi kuti sadaka ichitike, Abzal, mwana wa malemu amene amagwira ntchito kutauni, anakatenga Tsache kumapiri n'kubwera naye kwa Sapargali pamodzi ndi matumba awiri a balere.

"Bambo, mum'nenepetse. Kukubwera anthu a maboma atatu, tisadzachite manyazi."

Tsache balere uja anangomununkhiza. Ankaima m'khola atayang'ana kukhomo kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Sapargali anaganiza kuti mwina akayenda pang'ono njala imugwira. Anayamba kumakwera kavalo wake wamkazi, yekhayo amene anali naye, Tsache akumukoka pachingwe, kupita kumsipu wa kuseri kwa manda. Ndi kutali ndithu kumeneko. Tsiku loyamba anayenda, lachitatu anathamanga pang'ono, pofika sabata yachiwiri wokokedwa anali Sapargali. Pobwerako ankamupukuta thukuta ndi chiguduli, n'kumumanga pamthunzi kuti ayambe wazizira asanamwe madzi, ndendende mmene Kenjebek ankachitira mpikisano ukayandikira.

Tsiku lina akudutsa, Ulbosyn, mkazi wa malemu, anaima pampanda atafunda mpango wake wakuda.

"Alamu, mukumunenepetsa kapena mukumukonzekeretsa mpikisano?"

"Ndikumunenepetsa."

"Nanga nthiti ndikuwerenga kuno kumpandazi n'za yani?"

"Ndi wamakani ngati mwini wake, alamu."

Atafika kunyumba anakhala pachitsa n'kudzifunsa funso lomwelo. Kum'pha ankadziwa kuti adzam'pha. Mnzake sakanayenda pansi kudziko la akufa chifukwa cha ulesi wa iye. Nanga n'chiyani chinkamudzutsa mbandakucha kukamupukuta miyendo? Anamwa tiyi wake, ndipo kutacha anapita naye kumsipu kuja.

Tsiku la sadaka mahema anadzaza chigwa chonse. Akavalo ampikisano anabwera makumi atatu, ndipo mphoto ya woyamba inali ngamila yoperekedwa ndi banja la malemu. Tsache ankayenera kuzingidwa dzuwa likutuluka kuti nyama yake ipse pomwe mpikisano uzitha. Dzuwa linatuluka, n'kukwera, kavalo ali chiimire. Poyamba Sapargali anati beseni la magazi ndi laling'ono. Litabwera lalikulu anati a shehe ayambe amaliza tiyi.

"Bambo, dzuwatu lakwera," Abzal anatero.

"Mpeni wabuntha."

"Mpeni wanu womwewu?"

"Wanga womwewu. Ndikatenge mwala."

Anamanga Tsache pachikhomo kuseri kwa mahema, pafupi ndi kamtsinje, n'kupita kukatenga mwala wonolera. Ali mkati monola anamva mfuu kuchitunda, ndi mdidi wa ziboda, kuti mpikisano wayamba. Anabwerera kuchikhomo n'kupeza chikhomo chokhachokha. Pansi panali mkukuluzi wa chingwe wolunjika kuchitunda.

Atafika kumzere anapeza anthu asokonezeka kuposa iye. Kumbuyo kwa akavalo makumi atatu kunali wina wopanda wokwera, wopanda chishalo, wopanda mchira, chingwe chikukwekwereka pansi. Amayi ena anagwira pakamwa, amvekere amenewa ndi malodza. Achinyamata anali kufa nacho chiseko. Ena ankati agwidwe, ena ankati kavalo wa malemu sathamangitsidwa, ndipo pokangana choncho palibe anasuntha.

Kuzungulira koyamba, kwachiwiri ndi kwachitatu Tsache anali pamalo ake a masiku onse, akusesa. Pa kwachinayi akavalo anayamba kulekera panjira monga amachitira, ndipo iye ankangowadutsa mmodzimmodzi, osawonjezera liwiro, osachepetsa. Pa kwachisanu n'chimodzi anatsala anayi kutsogolo kwake. Chiseko chija chinatha. Nkhalamba ina imene inamuseka zaka zonsezo inavula chipewa osadziwa kuti yavula.

Potulukira komaliza kuseri kwa chitunda anali awiri okha, Tsache ndi kavalo wakuda wa mkulu wina wolemera wa kuboma loyandikana nalo. Sapargali anapezeka akuthamanga m'mbali mwa njira, mpeni ukadali m'manja, anthu akumupatukira uku ndi uku. Ankakuwa dzina la Naizagai, dzina limene anali asanalitchulepo m'moyo wake. Kavalo wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi uja anadutsa pamzere mutu wake wokha waukuluwo uli patsogolo pa mnzake, kenako n'kuima, n'kumayang'ana m'gulu la anthu monga ankachitira pofuna Kenjebek.

Mlandu wonga umene unatsatirawo sindinauonepo. Akuluakulu anakhala pamphasa, mbale za mkaka wa kavalo zili patsogolo pawo. Wina anati kavalo wofika wopanda wokwera amawerengedwa, chifukwa wothamanga ndi kavalo osati munthu. Onse anavomera. Wina anati kavalo wa eni sadaka salowa mpikisano, ndipo onse anavomeranso. Wachitatu anafunsa kuti nanga anamulowetsa ndani, poti analowa yekha? Nanga ndi wa eni sadaka, kapena wa malemu? Nanga malemu pa sadaka yake ndi mwini kapena mlendo? Ngamila ichoke kwa Abzal kupita kwa Abzal yemweyo? Pa nkhani ya mpeni ndiye panavutiratu. Ena anati kavalo wopambana sazingidwa, ena anati wodulidwa mchira sagonera osazingidwa. Atafunsa a shehe, iwo anati zonsezo m'buku mulibe, n'kupempha tiyi wina.

Mwini kavalo wakuda uja anali atapsa mtima kwambiri.

"Ndingofuna kudziwa chimodzi. Anamumanga ndani?"

"Ndine," Sapargali anayankha.

"Munamanga mfundo iti, bambo?"

Sapargali anayang'ana zikhatho zake. Chingwe chinali pomwepo, chosaduka, chosasosoka. Mfundo yakufa simasuka, zimenezo ngakhale khanda likudziwa. Ndiye kuti manja ake anamanga ya wapaulendo. Koma iye sankakumbuka. Ankakumbuka chikhomo, fungo la kavalo, mawu a Abzal, koma pa mfundo penipenipo m'mutu munali mopanda kanthu. Kunama sankafuna, ndipo choona sankachidziwa.

"Funsani manjawa," anatero. "Ine sanandiuze."

Apo ndi pamene Ulbosyn anatuluka muhema, atavula wakuda uja n'kufunda mpango woyera, poti chaka cha kulira chinali chitatha. Anadutsa akuluakulu onse n'kukaima pamaso pa Sapargali.

"Alamu, zaka khumi ndi ziwiri mwamuna wanga ankabwera kuchokera kumpikisano ali chete, ine n'kumamuwonjezera mawu opweteka pamwamba pa anu. Lero limeneli waliphonya. Akamuuza ndani? Kavaloyu apite, akamuonetse yekha. Mpeni muli nawo."

Sapargali anaona kuti mayiyo wanena zoona, ndipo ndicho chinamupweteka koposa. Tsache anali ataima chapafupi, nthiti zikukwera ndi kutsika, thukuta likudontha pamimba. Mpeni unali wakuthwa tsopano, panalibenso ponamizira.

"Kavalo salankhula, alamu. Ndidzakamuuza ine."

"Inu? Anayamba liti kukhulupirira za m'kamwa mwanu?"

"Ndiye tidzapita tonse awiri, ine wonena, uyu mboni. Mchira ndi wodula kale. Tsiku langa likadzafika simudzavutika kufuna wina."

"Nanga mwamuna wanga aziyenda pansi mpaka inu mudzafe? Inu amene simudwala n'chimfine chomwe?"

"Mutumizireni wanga wamkazi. Ndi wofatsa, ndipo balere yense uja anadya ndi iyeyo."

Ulbosyn anaseka, kenako chisekocho chinasanduka kulira, n'kubisa nkhope mumpango. Akuluakulu, poona kuti apeza potulukira, anavomera msangamsanga. Ngamila anaipereka kwa mwini kavalo wakuda, amene anapita nayo akung'ung'udza kuti wapatsidwa mphoto ya woyamba atafika wachiwiri. Kavalo wamkazi uja Sapargali anamumanga yekha mfundo yakufa, anaiyang'ana kawiri, n'kumuzinga. Anali wonona kwambiri, ndipo anthu a maboma atatu anapita kwawo atakhuta.

Kuyambira pamenepo Sapargali anayamba kuyenda pansi. Kavalo anali naye, koma wodulidwa mchira sakweredwa, choncho ankangoyenda naye pachingwe, kumsika, kumzikiti, kokazinga nkhosa za anthu. Ankati akamufunsa ngati anachita bwino, ankayankha kuti sakudziwa, ndipo sankanama. Masiku ena ankaona ngati anamubera mnzake kavalo, masiku ena ngati anamusungira. Anthu a kutali ankabwera kudzaona Tsache, n'kumamufunsa chinsinsi chake. Ena ankati chinali chishalo cha Kenjebek chimene chinkamupweteka, ena ankati malemu mwiniwake ndiye anamukwera tsikulo. Sapargali ankangowapatsa tiyi.

Patapita zaka zitatu, m'mawa wina wa chisanu chadzaoneni, anapeza Tsache atagona chammbali m'khola, atauma kale. Chofa chokha sichidyedwa, ndipo mpeni unalibe ntchito. Nyengo yachisanu itatha anatenga chigaza chake n'kukachiika pamwamba pa chitunda champikisano chija, monga timachitira ndi akavalo otchuka. Pobwerera anaima pampanda wa Ulbosyn.

"Wandisiya, alamu. Tinapangana kuti tidzapitira limodzi."

"Ndiye kuti wafikanso woyamba," mayiyo anatero. "Mudzapeza mnzanu atamva kale zonse."

"Adzandiseka."

"Adzakusekani ndithu. Tsache ndinu tsopano."

Sapargali akadali moyo, ngakhale mpeni anasiyira ena. Pa mpikisano uliwonse mudzamupeza pamzere womaliza atatsamira ndodo. Anthu akapita kokadya iye amatsala pomwepo, ndipo sachoka mpaka kavalo womaliza atafika.