Njere makumi awiri za m'thumba la azakhali

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinawanamiza amayi osatsegula n'komwe pakamwa. Tinkakhala kumudzi kuseri kwa Mitundu, ine, amayi ndi mlongo wanga wakhanda. Abambo anali atapita kukagwira utenanti kuesiteti ya fodya. Chaka chimenecho mbewu yathu inafumbwa, ndiye azakhali a ku Nathenje anatipatsa kathumba ka chimanga cha makolo chimene anasunga ndi phulusa. Kathumba kamodzi basi, munda wonse ukudikira.

Amayi anali ndi kachitidwe kawo asanabzale. Ankatsinzina, n'kupisa dzanja m'thumba, pamwamba, pakati ndi pansi, mpaka njere zikwane makumi awiri. Ankazikulunga m'kachiguduli konyowa n'kuika pafupi ndi mtsuko. Pakatha masiku asanu ankawerenga zomera. Zikamera pafupifupi zonse, ankabzala ziwiri paphando. Zikamera theka, ankaponya zinayi, ngakhale mbewu ithere pakati pa munda. Ine kutsinzinako ndinkakuona ngati zamasewera.

Tsiku loyesa mbewu mwana anatentha thupi, ndiye amayi anandituma ine. "Esinati, makumi awiri. Utsinzine, wamva?"

Ndinavomera, koma nditamasula thumba mtima unandiwawa. Njere zina zinali zobooka, zina zofota, ufa wa anankafumbwe ukununkha m'manja. Amayi anali atatopa kale ndi nkhawa, ine ndiwawonjezere ina? Ndinatsegula maso anga onse awiri n'kusankha njere zonenepa, zowala ngati mano a mwana. Ndinkadziona wanzeru zedi.

Zinamera zonse makumi awiri. Amayi anaseka, kuseka kumene ndinali ndisanakumve chichokereni abambo. Anati mbewu yabwino chonchi ikwanira ndi kumtunda komwe. Mvula itagwa tinabzala ziwiriziwiri, pena imodzi, thumba mpaka kukutumula.

Patatha sabata munda unatuluka mawangamawanga. Apa chamera, apa palibe, apo palibenso. Amayi ankayenda m'mizere akufukula ndi chala, n'kumapeza njere zoola. Sanakayikire mbewu, poti inali itayesedwa kale. Anayamba kukayikira anthu. Madzulo ena ndinawamva akunena kuti mawa akafunsa mayi wa munda woyandikana nafe chimene ankafuna m'malire mwathu tsiku lobzala. Mayi ameneyo ndi amene ankatibwereka khasu. Apo ndiye mantha anandigwira, ndipo ndinaulula ndikulira.

Ndinkayembekezera kukwapulidwa ndi kamtengo ka pichesi. Amayi anangokhala pansi pakhonde, n'kundifunsa.

"Unafuna kundisangalatsa eti?"

"Eya, amayi."

"Mwana wanga, ine sindinafunse ngati m'thumbamo muli njere zabwino. Zimenezo ndinkadziwa. Ndinkafuna kudziwa kuti zoipa n'zingati."

M'mawa mwake tinayenda wapansi mpaka ku Nathenje, mwana ali kumbuyo. Azakhali anakokola zotsalira pansi pa dengu, zosadzaza ndi mbale yomwe. Pomwepo amayi anandigwira dzanja, n'kundiphimba kumaso ndi chikhatho chawo chokhakhala, chonunkha sopo ndi utsi. Ndinatola makumi awiri. Zinamera khumi ndi imodzi. Tinabwereza kubzala zinayizinayi m'mapando opanda kanthu, koma zinangokwanira mizere yakumunsi, ndipo mvula inali itapita kale patsogolo.

Chimanga chimene tinakolola sichinatifikitse kutali. Pofika Febuluwale wotsatira tinkadya kamodzi patsiku, ndipo amayi ankakonda kunena kuti iwo adya kale kumunda. Nkhani ya njere ija sanaitchulenso, ngakhale tsiku limodzi, ngakhale kwa abambo atabwera.

Ku sekondale aphunzitsi a masamu anabwera ndi jumbo ya mikanda yofiira ndi yoyera, natiuza kuti titole osayang'ana kuti tiyerekeze zimene zili m'katimo. Anzanga ankaseka. Ine ndinatola m'maso muli misozi. Ndinazindikira kuti amayi, amene analekeza Sitandade 3, ankachita masamu omwewo. Sankadziwa za mawa, koma ankadziwa kuti zochepa zotoledwa mosasankha zimanena zoona za zambiri, ndipo dzanja loona limakondera.

Lero ndine mayi wa ana atatu, ndipo ndimadziwa kuti kumunda kuja mu Febuluwale kunalibe chakudya chilichonse. Ine ndinawabisira njere zoipa kuti aseke tsiku limodzi. Iwo anandibisira njala yawo mwezi wathunthu kuti ndisadziwe chimene ndinachita.